Makiyi Onse pa Chingwe Chimodzi

Pafupifupi banja lililonse la ife amene tikukhala kunja lili ndi munthu mmodzi amene achibale anamulonga ufumu wa makompyuta popanda kumufunsa. Mwina anaiphunziradi ntchitoyi ndipo ndi imene ikumudyetsa ku Johannesburg, ku Manchester kapena ku Dallas. Mwinanso mlandu wake ndi wakuti tsiku lina anakonza pulinta ya amalume anthu akuona. Kuyambira tsiku limenelo, laputopu ya amayi ku Zomba ikakana kutsegula kalata, uthenga umapita kwa iye. Kompyuta ya m'golosale ya achimwene ku Chipata ikasokoneza mabuku a ndalama, ndi iye yemweyo. Onjezanipo seva imene imasunga masamba a mpingo, ndi kabokosi kosunga zithunzi za makamera pa nyumba imene ikumangidwa ku Area 49, mudzaona kuti mbale wathuyu akuweta khola lathunthu la makina amene ali m'mayiko atatu kapena anayi.

Munthu woteroyo sangamange ulendo nthawi iliyonse makina akadwala. Chimene amachita ndi kulowa m'makinawo kudzera pa intaneti, ali pampando wake, n'kumaona ndi kugwira zinthu ngati ali pomwepo. Luso limeneli ndi lakale kuposa ana athu ambiri. Chosautsa n'chakuti makinawa salankhula chinenero chimodzi. Ena amafuna kulowedwa mwa njira iyi, ena mwa njira inayo, ndipo njira iliyonse ili ndi pulogalamu yake, adiresi yake, dzina lake lolowera ndi mawu ake achinsinsi. Mapeto ake ndi mawindo ambirimbiri pa sikirini, ndi kope lakutha lodzaza manambala olembedwa ndi pensulo, ena ofufutidwa, ena osadziwikanso kuti ndi a makina ati. Alipo mapulogalamu amene amasonkhanitsa zonsezi pamalo amodzi, ndipo ndi amene tikufuna tikambirane lero, abale ndi alongo, pamodzi ndi ngozi imene amabwera nayo.

Zinenero zinayi

Akatswiri amazitcha njirazi kuti ma protocol. Protocol ndi pangano la kalankhulidwe pakati pa makina awiri: ayambe kupereka moni ndani, dzina lifunsidwe nthawi yanji, uthenga ukulungidwe motani. Iliyonse imagogoda pa khomo lake, pakuti kompyuta ili ngati nyumba ya makomo ambiri, lililonse ndi nambala yake.

Nkhalamba pa zonse ndi Telnet, imene inayamba mu 1969, nthawi imene makompyuta olumikizana anali owerengeka ndipo eni ake ankadziwana. Imagogoda pa khomo 23 ndipo imanyamula zilembo zokha. Zilembozo imazinyamula poyera, ngati kalata yopanda envulopu imene aliyense woigwira pa njira angaiwerenge, mawu achinsinsi omwe. Mu 1995, mawu achinsinsi atabedwa pa netiweki ya Helsinki University of Technology ku Finland, wofufuza wa pasukulupo, Tatu Ylönen, analemba SSH, imene imagwira ntchito yomweyo koma uthenga wonse utapotozedwa kuti wa pa njira asaumve. Anapatsidwa khomo 22, limene linali lopanda mwini pakati pa 21 ndi 23. Lero pafupifupi seva iliyonse ya Linux imayendetsedwa mwa njira imeneyi, ndipo ambiri a ife tinaidziwira pa PuTTY, kapulogalamu kaulere kamene Simon Tatham wa ku Britain anatulutsa mu 1999. Ubwino wa SSH kwa ife ndi wakuti siidya data. Netiweki ikamakwawa ngati nkhono, iyo imadutsabe, chifukwa zimene ikunyamula ndi mawu olembedwa basi.

Koma amayi sangathandizidwe ndi sikirini yakuda yokhala ndi zilembo zokha. Pamenepo pamafunika kuona chithunzi, ndipo njira zotchuka ndi ziwiri. VNC inabadwira mu labotale ya Olivetti ndi Oracle ku Cambridge, ndipo inaperekedwa kwa anthu mu 1998. Ntchito yake ndi kutumiza chithunzi cha sikirini yakutali n'kubweza kumeneko zimene mukulemba ndi kumene mukuloza. Khomo lake limayambira pa 5900. Siisankha mtundu wa makina, ndipo amene wakhala kutsogolo kwa kompyutayo amaona zonse zimene mukuchita, kotero mungathe kumuphunzitsa. Kufooka kwake n'kwakuti zithunzi zimalemera pa netiweki, ndipo mu mtundu wake wakale mawu achinsinsi amathera pa zilembo 8 zokha pamene uthenga wake umayenda wosabisika.

RDP ndi ya Microsoft. Inatuluka mu 1998 ndi Windows NT 4.0 Terminal Server Edition, n'kufika m'nyumba za anthu mu 2001 kudzera mu Windows XP Professional. Khomo lake ndi 3389. Nthawi zambiri imayenda mopepuka kuposa VNC, koma ili ndi khalidwe limene limadabwitsa achibale: mukalowa, sikirini ya kumudziko imadzitseka, ndipo mwini wake amangoyang'ana chitseko osadziwa chimene chikuchitika mkati. Chinanso choyenera kudziwa musanagule laputopu yotumiza kumudzi n'chakuti Windows ya mtundu wa Home siilandira alendo kudzera pa RDP. Ingathe kulowa m'makina ena, koma iyo siilowedwa. Pamafunika mtundu wa Pro kapena woposerapo.

Palibe imodzi mwa njirazi imene inagonjetsa zinzake kotheratu, ndipo ife sitikuona kuti zidzatero posachedwa. Telnet yokha ndi imene iyenera kupuma, ngakhale ikadali m'timakina takale ta netiweki.

Chingwe chake

Pulogalamu yosonkhanitsa imachita chinthu chosavuta kumva. Imasunga ndandanda ya makina onse, ndipo pa dzina lililonse imakumbukira adiresi, protocol, khomo, dzina lolowera ndi mawu achinsinsi. Mukadina dzinalo, imasankha yokha chinenero choyenera n'kutsegula makinawo.

Kwa ogwiritsa ntchito Windows, yodziwika kwambiri mwa zaulere ndi mRemoteNG. Kumanzere kwa windo lake kuli ndandanda yooneka ngati mtengo wa nthambi, kumene mungaike mafoda monga momwe moyo wanu ulili: "Kwa amayi", "Golosale", "Mpingo". Kumanja makina aliwonse amatseguka pa tsamba lakelake, moti seva ya mpingo ya SSH ndi kompyuta ya m'golosale ya RDP zimakhala moyandikana ngati mabuku pa shelefu. Imadziwanso VNC, Telnet ndi masamba a intaneti amene timayendetsera marauta ndi makamera. Pa SSH imabwereka PuTTY yemwe uja mkati mwake. Chinthu chimodzi chimene ife timachiyamikira ndi cholowa: mukalemba dzina lolowera pa foda, makina onse a m'fodamo angalitenge kuchokera pamenepo, ndipo tsiku losintha mawu achinsinsi mumasintha pamalo amodzi m'malo moyenda khomo ndi khomo.

A Linux ali ndi Remmina, imene ndi yaulerenso ndipo imagwira RDP, VNC, SSH ndi zina. Zilipo zogula, monga Royal TS ndi Remote Desktop Manager ya kampani ya Devolutions ya ku Canada, zimene zimathandiza makamaka gulu la anthu ogwira ntchito limodzi. Banja la makina asanu kapena khumi silifunika kuyambira pamenepo.

Yosiyana ndi zonsezi ndi Apache Guacamole, imene Michael Jumper anaiyamba mu 2010 ndipo inakhala ntchito yokhazikika ya bungwe la Apache Software Foundation mu 2017. Iyi siikhala pa kompyuta yanu. Imakhala pa seva, ndipo inu mumaifikira ndi pulogalamu yomwe mumawerengera masamba a intaneti, kaya pa laputopu kaya pa foni. Sevayo ndi imene imalankhula RDP, VNC kapena SSH ndi makina akutali, n'kumakutumizirani chithunzi. Ingapatse munthu aliyense makomo ake okha: msungichuma aone kompyuta ya mabuku a ndalama, wosamala masamba aone seva yake, popanda wina aliyense wa iwo kudziwa mawu achinsinsi enieni a makinawo. Ingathenso kujambula zonse zimene munthu anachita atalowa. Kwa bungwe limene maudindo amasintha chaka ndi chaka, zimenezi ndi zamtengo wapatali. Koma kuikhazikitsa ndi ntchito ya munthu wodziwa maseva, ndipo seva imeneyo imafuna wina woisamala nthawi zonse.

Zimene chingwe sichichita

Ambiri amakhumudwa pa tsiku loyamba. Aika pulogalamu, alemba adiresi ya kompyuta ya ku Zomba, adina, ndipo palibe chimene chikuyankha. Pulogalamuyo siinalakwe. Iyo imangosunga makiyi, siilambula msewu wopita ku nyumbayo.

Chifukwa chake nthawi zambiri ndi ichi. Achibale athu ambiri amalowa pa intaneti kudzera pa netiweki ya mafoni, ndipo makampani a mafoni amakonda kuika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa adiresi imodzi, popeza maadiresi a mtundu wakale wa IPv4 anaperewera pa dziko lonse. Akatswiri amati CGNAT. Zili ngati mudzi wonse kukhala ndi bokosi limodzi la ku positi: wa m'mudzimo angatumize kalata n'kulandira yankho lake, koma mlendo sangayambe yekha kulembera nyumba inayake. Starlink, imene inafika ku Malawi ndi ku Zambia mu 2023 ndi ku Zimbabwe mu 2024, imachitanso chimodzimodzi kwa makasitomala wamba. Choncho kuthamanga kwa intaneti sikuthetsa vutoli.

Njira yake ndi kuchititsa kuti makina a kumudziwo ayambe okha kutambasula dzanja. Mapulogalamu monga Tailscale, imene inamangidwa pa WireGuard, kapena ZeroTier, amaikidwa pa makina onse awiri n'kupanga kanjira kobisika pakati pawo, ngati kuti onse ali m'nyumba imodzi. Kanjirako kakakhalapo, mRemoteNG kapena Remmina imalemba adiresi ya mkatimo n'kugogoda bwinobwino. Ndi nzeru yomweyi imene TeamViewer ndi AnyDesk zimagwiritsa ntchito, n'chifukwa chake zimalowa mosavuta paliponse, kungoti izo zimalankhula chinenero chawochawo ndipo zimadalira maseva a eni ake.

Za magetsi sitichita kuuzana. Kompyuta yozima siilowedwa, ngakhale pulogalamu yanu ikhale yodula motani, ndipo bandulo ikatha zatha. Tingowonjeza kuti data imene VNC ikudya pamene inu mukufufuza vuto mosafulumira ku Leeds ikuchoka m'thumba la amene ali ku Zomba. Chepetsani mitundu ndi kukula kwa chithunzi, ndipo chimene chingachitike ndi SSH chichitike ndi SSH.

Walira mvula walira matope

Tsopano tifike pa nkhani imene inatichititsa kulemba. Munthu akamwaza makiyi m'matumba osiyanasiyana amavutika kuwapeza, koma akataya thumba limodzi wataya nyumba imodzi. Akawamanga onse pa chingwe chimodzi amayenda mopepuka, koma wotola chingwecho watola nyumba zonse. Pulogalamu yosonkhanitsa ndi chingwe chotero.

Taonani mRemoteNG. Ndandanda yanu yonse imasungidwa mu fayilo imodzi yotchedwa confCons.xml. Mawu achinsinsi a m'fayiloyo ndi opotozedwa ndithu, koma ngati simunaike mawu anuanu otsekera fayiloyo, pulogalamuyo imagwiritsa ntchito mawu amene inabadwa nawo, omwe ndi ofanana kwa munthu aliyense pa dziko ndipo ndi olembedwa poyera. Timapulogalamu totsegulira fayilo yotere tili mbwee pa intaneti. Ndiye kuti aliyense amene wakopera fayiloyo, kaya kuchokera pa laputopu yobedwa m'sitima, kaya pa fulashi yoiwalika, kaya mu imelo imene munadzitumizira nokha kuti musaitaye, ali ndi golosale, mpingo ndi makamera a ku Area 49 m'manja mwake. Mankhwala ake satenga mphindi zisanu: ikani mawu achinsinsi aatali pa mutu wa ndandandayo, ndipo sankhani kuti fayilo yonse ibisidwe, osati mawu achinsinsi okha. Ife tingapitirire pamenepo. Makina amene ali ndi ndalama za anthu, mawu ake achinsinsi asasungidwe m'pulogalamuyo konse. Ikumbukire adiresi ndi dzina, mawuwo muzilemba ndi dzanja kapena muziwatenga m'pulogalamu yosungira mawu achinsinsi.

Musaganize kuti zimenezi ndi matenda a mapulogalamu aulere okha. Microsoft inachotsa pulogalamu yake ya RDCMan mu March 2020 itapezeka ndi chiboo, ndipo inaibweza mu 2021 itakonzedwa. Mu 2020 momwemo, ofufuza a Check Point anapeza ziboo mu Guacamole, zimene zinatsekedwa mu mtundu 1.2.0. Mu February 2024 kampani ya AnyDesk inalengeza kuti akuba analowa m'makina ake. Chingwe chilichonse chimafuna kuyang'aniridwa, ndipo uthenga woti pulogalamu ikufuna kukonzedwanso si wodina "pambuyo pake" mwezi wathunthu.

Palinso chiyeso china chimene chimagwira amene rauta yawo ili ndi adiresi yakeyake: kutsegula khomo 3389 kuti liyang'ane ku msewu waukulu wa intaneti, poganiza kuti ndani angasamale za kagolosale ka ku Chipata. Amene amagogoda si anthu okhala ndi chifukwa. Ndi makina amene amayendayenda usana ndi usiku kuyesa khomo lililonse lotseguka ndi mawu achinsinsi zikwizikwi, osafunsa kuti mwini wake ndani. Mu May 2019 kunapezeka chiboo mu RDP, chimene chinatchedwa BlueKeep, cholola munthu kulowa popanda dzina kapena mawu achinsinsi. Chinali choopsa moti Microsoft inatulutsa chigamba ngakhale cha Windows XP, imene inali itasiya kale kuisamala. Izi zikukhudza makamaka malaputopu akale amene timatumiza kumudzi, pakuti Windows 10 nayo inasiya kulandira zigamba za nthawi zonse pa 14 October 2025, kupatula kwa amene analembetsa ndondomeko yowonjezera.

Abale athu amene akugwira ntchito za chipatala ku America akukumbukira za Change Healthcare. Mu February 2024 akuba analowa m'kampaniyo kudzera pa khomo la Citrix lolowera kutali, ndipo kulipira kwa mankhwala ndi zipatala kunasokonekera m'dziko lonselo kwa milungu ingapo. Amene anali mkulu wa UnitedHealth Group panthawiyo, Andrew Witty, anauza nyumba ya malamulo ya dzikolo kuti khomolo linalibe chitsimikizo chachiwiri, ndi kuti kampaniyo inalipira dipo la madola 22 miliyoni. Mbiri za anthu oposa 100 miliyoni zinakhudzidwa. Chitsimikizo chachiwiri ndi kanambala kaja kamene kamabwera pa foni mukatha kulemba mawu achinsinsi. Guacamole ingathe kukafunsa, ndipo akaunti imene mumalowera mu Tailscale iyenera kukhala nako.

Nyumba ya eni

Kompyuta ya amayi ndi ya amayi, ngakhale munaigula ndinu. Muli makalata awo, zithunzi zawo, mwina ndi nkhani za kuchipatala zimene sanauze mwana aliyense. Dzina lawo likakhala pa ndandanda yanu, kulowamo kumasanduka kudina kamodzi, ndipo kupepuka kumeneko kumaiwalitsa odi. Mwambo wabwino ndi woyamba mwaimba foni, iwo avomere, ndipo ngati n'kotheka gwiritsani ntchito njira imene akuona zimene mukuchita. Pa chifukwa chimenechi ife timakonda VNC pa makina a makolo, yodutsa m'kanjira kobisika kaja, ndipo RDP timaisiyira makina a ntchito.

Mwambo umenewu uli ndi phindu lina. Pali akathyali amene amaimba foni n'kudzitcha a ku banki kapena a Microsoft, n'kunyengerera munthu kuti aike pulogalamu yolowera kutali "kuti amukonzere vuto". Kholo limene linazolowera kuti sikirini imayenda yokha nthawi ina iliyonse silingadabwe mlendo akalowa. Koma limene likudziwa kuti wolowa ndi mwana wake mmodzi yekha, ndipo amayamba waimba ndi mawu ake odziwika, lidzadula foniyo. Auzeni momveka kuti manambala oonekera pa sikirini asawerengere munthu wina aliyense.

Ndiye pali funso limene mabanja ndi mabungwe athu sakonda kulifunsa: mwini chingwe akadwala, akasamuka, kapena akakangana ndi komiti, makiyi ali kuti? Seva ya mpingo singakhale m'mutu mwa munthu mmodzi. Pakhale munthu wachiwiri wodalirika amene akudziwa kumene fayilo ya ndandanda ikusungidwa, ndipo mawu otsekera fayiloyo alembedwe pa pepala, aikidwe mu envulopu yomata, asungidwe kosiyana ndi fayiloyo. Wina akatula pansi udindo, mawu achinsinsi a makina amene ankawagwira asinthidwe sabata yomweyo. Si kumuganizira zoipa ayi. Ndi kumumasula, kuti chinthu chikadzasowa mawa dzina lake lisadzatchulidwe.

Pomaliza pake, ndandanda nayo imafuna kupaliridwa. Makina amayenda m'manja mwa anthu kuposa momwe timaganizira. Laputopu imene munatumizira mlongo wanu zaka zapitazo mwina anaipatsa mwana wa mnansi, kapena anaigulitsa kuti alipire fizi, ndipo lero ili pa desiki ya wophunzira wina ku Mzuzu amene sadziwa kuti munthu wa ku Leeds akadali ndi khomo lolowera m'zolemba zake. Kamodzi pa chaka, tsegulani ndandandayo, imbani kumudzi, funsani kuti makina awa ali kwa yani tsopano. Amene anachoka m'banja afufutidwe pa ndandanda ndi m'kanjira kobisika, ndipo amene akukonzekera kuchoka ayambe atsukidwa zonse za mkati asanaperekedwe.